Wodzutsa Kompyuta ya Perpetua

Enifa Shaba, amene pa Boma la Mzimba onse amamutcha NyaShaba, anakulira ku Champhira. Analowa ntchito pa kabungwe ka zaulimi, ndipo pang'onopang'ono anadziphunzitsa R, chilankhulo cha kompyuta chosanthulira ziwerengero za zokolola. Mapulogalamu ake sankalakwitsa, koma ankayenda ngati ngolo ya ng'ombe. Ankawayambitsa m'mawa, n'kusesa, n'kuwiritsa tiyi wa onse, zotsatira n'kutuluka dzuwa lili pamutu. Palibe ankadandaula.

Kenako kunabwera Perpetua, mtsikana wa ku Lilongwe, ndi chilankhulo china chotchedwa Julia. Ichi chili ndi khalidwe lake. Ukangochiyatsa, ulendo woyamba chimachedwa, poti chimayamba chamasulira malangizo kuti makina amve. Ulendo wachiwiri chimauluka.

Ulendo wochedwawo unagwera NyaShaba, chifukwa ndiye ankalawirira. Perpetua anangomupempha kamodzi kuti, "Amayi, mukafika muzingodina apa," basi chinasanduka chizolowezi. Mwiniwake pofika, atanyamula kachikwama konyezimira, ankangokhudza batani, ziwerengero mbwee!

"Mwaona, a NyaShaba?" ankatero a Lyford Nkosi, mkulu wa ofesi. "Mwanayu ndi mfiti!"

"Chomene, bwana," ankavomera iye m'Chitumbuka.

Tsiku lina a Nkosi analengeza kuti alendo a ku Mzuzu akadzaona ntchito, mmodzi mwa NyaShaba ndi Perpetua adzatsala pa kompyuta, winayo azidzapalasa njinga m'midzi ya ku Manyamula kufunsa alimi. Mawondo a NyaShaba anali atayamba kale kudandaula.

M'mawa wa tsiku la alendowo NyaShaba anasesa, anawiritsa tiyi, anayatsa kompyuta. Chala chinaima pamwamba pa batani lija, kenako chinabwerera m'thumba. Lero aone okha, anatero mumtima, kuti liwirolo limachokera kwa ndani.

Alendo atazungulira tebulo, Perpetua anadina. Zii. Anadikira. A Nkosi anatsokomola, n'kumasula tayi. NyaShaba, ataima kumbuyo ndi thireyi ya makapu, anamva kukoma kumene sanakumvepo chaka chonse.

Koma Perpetua anangoseka. "Musaope, akuluakulu, ikuvala nsapato kaye. Ikamaliza, muone."

Itamaliza anadinanso, ndipo zokolola za Euthini yense zinatuluka mlendo wina asanatsitse kapu. Kuchedwa kuja kunangokometsa liwirolo. Anaomba m'manja, wina mpaka kupempha kuti abwereze. Panalibe wofunsa chifukwa chake masiku ena onse sinkachedwa. Perpetua yekha anacheuka, n'kumuyang'ana NyaShaba pang'ono.

Lolemba NyaShaba anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango ku Manyamula, fumbi lili mbuu m'miyendo. Mlimi woyamba, bambo wachikulire, anayankha zonse moleza mtima, kenako anafunsa, "Kodi mama, mayankho athuwa amapita kuti?"

"Kwa mwana wina wake wofulumira, adada," anatero NyaShaba. "Tiyeni, munati nyemba munadzala liti?"