Wogwira Nkhafi wa M'chipinda Chachitatu

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, mayi amene anzawo a pantchito ankawatcha Anthenga ankapukuta fumbi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko lawo laling'onolo. Dzinali linabwera chifukwa cha chopukutira chawo cha nthenga, chimene sankabwereka munthu aliyense, ngakhale bwana.

Nyumbayo poyamba inali mosungira katundu wa padoko. Makoma ake anali a miyala, ochindikala mkono wathunthu, mwakuti mkati munkazizira ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Alendo otsika m'sitima ankayambira mmenemo asanapite kukaona mathithi ndi nkhalango. M'chipinda choyamba munali mbalame zoumika, zotambasula mapiko, ndi kamba wam'nyanja wamkulu ngati tebulo. M'chachiwiri munali mizinga, maunyolo ndi mapu a atsamunda. M'chachitatu munali anthu asanu ndi mmodzi oumbidwa ndi phula la njuchi, oimirira mozungulira bwato, kusonyeza mmene makolo ankakhalira. Wogwira nkhafi pakati pawo anali mwamuna wa Anthenga.

Zinayenda motere. Pamene nyumbayo inkakonzedwa, mmisiri wochokera kunja anasowa nkhope zoti aumbirepo, ndipo anangogwira amene anali pafupi. Bamboyo, amene anali mtengatenga wa padoko, anamugoneka pabenchi, timapaipi m'mphuno, nkhope yonse yomatidwa pulasitala. Anamumetanso, tsitsilo nalibzala pamutu wa phulawo. Anafika kunyumba akuseka, nauza mkazi wake kuti tsopano ali ndi amuna awiri, ndipo wachiwiriyo ndi wabwino chifukwa safunsa ndiwo. Patapita zaka ziwiri analembedwa ntchito pasitima ya katundu, ndipo sitimayo sinafike kumene inkapita. Panalibe mtembo, panalibe manda, ngakhale chithunzi. Anthenga, ali ndi mwana wamkazi kumsana, anakapempha ntchito yopukuta fumbi.

M'mawa uliwonse ankayamba ndi mbalame, kenako mizinga, ndipo polowa m'chipinda chachitatu ankaodira kaye. Anthu asanu enawo ankawapukuta ndi nthenga. Wogwira nkhafi yekha ankamupukuta ndi nsonga ya nsalu yawo.

Woyamba kuona kusintha anali mlonda wa pakhomo, munthu wanthabwala amene ankawatchula kuti mlamu. Tsiku lina anaima pakhomo pa chipindacho nthawi yaitali, kenako anawafunsa monong'ona ngati achimwene ake a phulawo anali ndi makwinya pamene ankaumbidwa. Analibe. Koma tsopano masaya anali atayamba kugwa, zikope zitalemera, ndipo tsitsi la m'mbali mwa makutu linali litayera. Enawo anali monga mmene mmisiri anawasiyira. Akuluakulu ananena kuti chifukwa chake ndi zenera, pakuti wogwira nkhafiyo ndiye anali kufupi nalo. Anthenga sanatsutse. Anangoona kuti chaka chimene iwo anayamba kumera imvi ndi chomwecho chimene mwamunayo anayambanso.

"Mlamu," ankatero mlonda, "bambowa akukalamba bwino kuposa ine. Mukuwadyetsa chiyani?"

Ankaseka onse, koma mlondayo sankalowa m'chipindacho yekha.

Kenako kunabwera bwana watsopano, wophunzira ndiponso waulemu. Anaitana antchito nawafotokozera kuti alendo amasiku ano amafuna makanema, kuti ana amalira akaona anthu a phulawo, ndipo kuti Lachisanu zidolezo zikatayidwa.  Lachitatu Anthenga anavala diresi lawo labwino, nagogoda pa ofesi, nakana mpando.

"Bwana, chiyambireni ntchito sindinapemphepo kanthu m'nyumba muno. Koma amene mukuti chidole uja, nkhope ina ya mwamuna wanga palibe pansi pano."

Bwanayo anachita manyazi, navomera kuti amutenge. Anawadziwitsa kuti thupi linali la udzu ndi mawaya odyeka ndi dzimbiri, mwakuti chotengeka ndi mutu wokha. Mlonda ndiye anaumasula, akuyang'ana kumbali. Pouika m'beseni anawachenjeza, mopanda nthabwala ulendo uno, kuti nyumba yawo ndi yamalata, ndipo phula silimvana ndi malata. Anthenga anayankha kuti munthu sagona ku ntchito mpaka kale.

Anayenda wapansi, beseni pamutu, ambulera pamwamba pake, nakauika mutuwo pakabati ya mbale. Mwana wawo, amene tsopano anali mayi wa ana akeake ndipo sankawakumbukira bambo ake, anabwera Lamulungu kudzaona. Anaima pakhomo, nati sangathe kudya pamene mutuwo ukumuyang'ana.

Pofika masana malata anayamba kuthetheka ndi kutentha. Nkhope ija inachita thukuta. Dontho linatsika kuchokera pachipumi, linadutsa pambali pa mphuno, n'kugwera pakabati. M'nyumba monse munamveka fungo la uchi, ndipo njuchi zinayamba kulowa pazenera imodziimodzi, n'kumatera pa tsitsi loyeralo. Kenako pakamwa, pamene panali potseka zaka zonsezo, panayamba kutseguka pang'onopang'ono, monga pa munthu amene wakumbukira mawu.

Mwana uja anagwira mayi ake pamkono. Anawauza kuti anyamule msanga, wagolosale ali ndi filiji yaikulu, kapena akapemphe bwana kuti awasungire pakona ina m'nyumba yamiyala ija. Nthawi inalipo, anatero, nkhope inali isanawonongeke. Anthenga anaganiza za mwamuna wawo ali pakati pa mabotolo a zakumwa, kapena m'katoni kuseri kwa mizinga, iwo akumka napempha kiyi kuti amuone. Anakoka mpando, nakhala moyang'anizana naye, manja pamiyendo, namvetsera.

Anamvetsera nthawi yaitali. Kunkamveka njuchi zokha ndi malata. Chibwano chinapitiriza kutsika, masaya analowa mkati, ndipo nkhopeyo inafika pa ukalamba umene iwo eni anali asanaufike.

Pamenepo anaimirira, nasamba m'manja. Anapirikitsa njuchi mofatsa. Phula linali lofunda ngati khungu. Ndi chala chachikulu anatsitsa chikope chakumanja pa diso lagalasi, kenako chakumanzere, ndipo zonse zinamvera. Anavula mpango wawo, nakweza chibwano, namanga mfundo pamwamba pa mutu.

Mwanayo anali akadali chiimire, dzanja pakamwa.

"Usaime choncho," anatero Anthenga. "Pita ukauze azakhali ako kuti achimwene awo atisiya masana ano. Pobwera udzere kwa mlonda, umuuze abwere ndi khasu."