Mwana wa Sitandade Naini

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Kwathu ku Mpama zoterezi sizinkachitika kawirikawiri. Anzanga ambiri ankabwereza Sitandade Eyiti kawiri kapena katatu, mpaka kutopa n'kukwatiwa. Amwayi ankapita ku sekondale yoyendera, kulawira m'mamawa n'kubwerako dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'mawondo.

Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho tinkakhala awiriwiri ndi amayi. Ankalima mpiru ndi tomato kudimba, ndipo manja awo ankanunkhira masamba a tomato ngakhale atasamba. Sukulu analekezera Sitandade Thuu. Kwa iwo maphunziro anali msewu umodzi wosakhota, woti munthu umangowerenga kupita kutsogolo. N'chifukwa chake ankauza aliyense, kutchalitchi ndi kuchigayo komwe, kuti Lusiya wawo akupita Sitandade Naini.

"Amayi, Naini kulibe," ndinkawauza. "Eyiti ikatha, pulayimale yatha. Ku sekondale timayamba Fomu Wani."

"Wani? Zaka zonse wavutikazi akubwezenso pa wani? Ine ndiye ayi."

Kunyumba tinkangoseka. Sindinkadziwa kuti nkhani yomweyi ikafika pakati pa anthu ena idzandiwawa.

Amayi anabwera kusukulu Loweruka lina, teremu yoyamba ili pakati. Ndinali kuchapa pampopi pamene ndinawaona akulowa pageti, dengu lili pamutu, atavala chitenje chawo chofwifwa chopitira kumaliro ndi kuukwati komwe. Patapata imodzi inali yomanga ndi waya. Asanandione, anaima pagulu la atsikana a Fomu Fili omwe ankalukana tsitsi pansi pa mtengo. Anawomba m'manja mwaulemu ngati akulonjera akuluakulu.

"Zikomo, ana anga. Ndikufuna mwana wanga Lusiya, wa Sitandade Naini."

Phwete linaphulika. Mtsikana wina wochokera ku Limbe anabwereza mawuwo motsanzira kalankhulidwe kawo kachilomwe, kenaka anati, "Agogo, mwasochera. Sukulu ya mkombaphala ili kuseri uko." Amayi nawonso anamwetulira, poganiza kuti ndi nthabwala za ana.

Ndinathamanga thovu lili m'manja, n'kuwakokera kuseri kwa khitchini komwe ankaunjika nkhuni. Anatula dengu. Munali mbatata yootcha, chimanga chokazinga ndi chigumu chokulunga m'masamba a nthochi. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo, pakuti ananyamuka kusanache ndipo mbali yaikulu ya ulendowo anayenda pansi.

"Mwandichititsa manyazi," ndinatero. "Mawu awiri okha, Fomu Wani, akukukanikani? Ngati simutha kuwatchula, musamabwere kuno."

Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kukhuthulira zinthu zija m'ndowa yanga yochapira.

"Ndamva, mayi," anatero. Basi.

Sindinawapatse madzi akumwa. Sindinawaperekeze ngakhale kufika pageti. Mbatata ija ndinadya ndekha kuseri komweko, ndipo inali yokoma.

Kuyambira tsiku limenelo kusukulu ankanditcha Naini. Ndikamva dzinalo mkwiyo wanga unkapita kwa amayi, osati kwa ondinenawo. Patchuthi ndinawapeza ataonda, akutsokomola potunga madzi othirira. Ankandiphikira, kundichapira, kundifunsa ngati ndikudya mokwanira, koma za m'kalasi sanafunsenso. Ine ndinkaona ngati zinthu zayenda bwino.

Teremu yachitatu, mayeso atangotha, anandiitana ku ofesi m'mawa. Ndinapeza amalume anga, achimwene awo a amayi, ataima pakhonde chipewa chili m'manja.

"Katenge chitenje, tikupita kumudzi," anatero.

Njira yonse ine ndinkaopa kufunsa. Nyimbo ndinazimva tisanafike pamtengo wa mango wa pakhomo pathu. Masamba anali atayalidwa kale mumsewu.

Titaika maliro ndinamva kuti amayi anadwala nthawi yaitali, ndipo sabata ziwiri zomaliza anagona m'chipatala. Ndinapita kwa amalume, omwe anali atakhala pamwala kuseri kwa nkhokwe, n'kuwafunsa ndikulira chifukwa chomwe sanandiuzire.

"Ndinafuna kudzakutenga tsiku lomwe anawagoneka," anayankha osandiyang'ana. "Anandikaniza. Anati, achimwene, mwanayo ananena kuti kusukulu kwake tisamapiteko, timamuchititsa manyazi. Musiyeni alembe mayeso ake mumtendere."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Mawa lake kunabwera Mayi Nachisale, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi, yemwe kale ankaphunzitsa sukulu ya kwacha. Anakhala nane pamkeka tikutola nyemba zophikira otsala pamaliro. Anandiuza kuti atabwerako kusukulu kwathu, amayi anapita kwa iwo kukapempha kuti awaphunzitse mayina onse bwinobwino.

"Ankawatchula akuthirira mbewu," anatero. "Pulayimale, sekondale, koleji, yunivesite. Fomu Wani mpaka Fomu Folo. La yunivesite linkawapota lilime, koma sanalisiye. Ankati tsiku lomwe udzamalize Fomu Folo adzabwera, ndipo palibe adzaseke."

Ndinasiya nyemba n'kupita kudimba. Mpiru unali utafota, ndipo ndowa yothirira inali chigonere pamzere pomwe anaisiya. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika paliwombo.

Amalume ndiwo anandithandiza kumaliza sekondale. Kenaka ndinapita ku koleji, ndipo lero ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Namitambo. Makolo amabwera ndi mayina awoawo a makalasi. Wina amati mwana wake ali ku yunivesite pamene ali kusukulu ya ntchito zamanja, wina JC ndi MSCE amazisokoneza. Ndimayamba ndawapatsa mpando, n'kumva chomwe abwerera. Ndikaona mwana akugwetsa nkhope chifukwa cha kalankhulidwe ka kholo lake, ndimamuitanira pambali pambuyo pake. Ena amamva, ena samva, monga momwe inenso sindikanamvera.

Chomwe ndikudziwa tsopano n'chakuti mawu omwe ndinkanyadira aja ndinawadziwa chifukwa munthu wina ankawerama m'dimba tsiku ndi tsiku kuti ine ndikhale m'kalasi. Kusekedwa kuja kunatha ndisanafike Fomu Thuu, ndipo atsikana aja ngakhale mayina awo ndinaiwala. Koma sabata ziwiri zomwe ndikanakhala pambali pa bedi la amayi anga ndinazitaya ndi pakamwa panga, ndipo palibe sukulu yomwe ingandibwezere.