Tsiku limene agogo anadula ngayaye

Agogo aMwale, bambo wa mayi anga, ndimawakumbukira ali m'chigafa kwathu ku Wimbe, fungo la fodya wouma likuyabwa m'mphuno, iwo atakhala pa chidebe chogadabuza, akusisita tsamba lililonse ndi zala zakuda ndi utomoni. Anali munthu wovuta, wosayamika. Ukasoka fodya mokhotakhota ankakumasulitsa yense, n'kunena kuti, "Ntchito ya manja aulesi imaonekera ku okushoni." Ife adzukulu tinkawaopa, koma tinkanyadira kuti mudzi wonse unkabwera kudzaphunzira kwa iwo.

Matenda anayamba ndili ndi zaka khumi. Poyamba ankaiwala kumene aika chipewa, ife n'kumaseka. Kenako anayamba kukoka mwendo, ndipo tsiku lina anafunsa mayi kuti, "Mayi, ndinu a kwa yani?" Kuchipatala cha ku boma anati kuthamanga kwa magazi kwawononga timitsempha ta mu ubongo, ndiponso mtsempha waukulu wa m'khosi wachepa, magazi sakufika mokwanira. Anawapatsa mapilitsi, koma anatiuza poyera kuti nzeru zimene zapita sizibwerera.

Chaka chimenecho mayi analandira kuponi ya feteleza wotsika mtengo, patapita zaka akungomva kwa anzawo. Fodya sitinalime, panalibe womuyang'anira. Feteleza yense anapita ku chimanga, ndipo chinabiriwira mpaka anthu odutsa ankaima. Njala ya chaka chathacho inatisiya mafupa okhaokha, choncho mundawo ndiwo unali moyo wathu.

Lamulungu lina, chimanga chitangomasula, tinabwera kutchalitchi n'kupeza agogo palibe. Tinawapeza kumunda, thukuta lili kamukamu, ngayaye zili mbwee m'mizere. Mlimi wa fodya amadula maluwa kunsonga kuti mphamvu ipite m'masamba, ndipo manja a agogo anali asanaiwale zimenezo. Anadula bwinobwino, mzere ndi mzere, osadumpha phesi, monga ankatiphunzitsira. Koma chimanga chopanda ngayaye sichibereka.

"Bambo, mwatipha!" anakuwa mayi, n'kukhala pansi m'matope.

Agogo anamwetulira, kumwetulira kumene tinali titakuiwala. "Musalire, mayi. Chaka chino masamba akula, azungu ogula fodya akaimirira ku okushoni."

Tinakolola zitsononkho za njere zowerengeka. Mayi anayamba maganyu m'maesiteti, ndipo popeza panalibe wotsala ndi agogo, m'mawa uliwonse ankawatsekera m'nyumba, chitseko n'kuchimanga ndi waya. Sindiwaweruza mayi, anali ndi ana anayi oti adye. Koma ndikamachoka kupita kusukulu ndinkamva agogo akugogoda m'katimo, mwaulemu ngati mlendo: "Odi, eni nyumba! Nditsegulireni, dzuwa lakwera, ntchito ikundidikira." Munthu amene ankalamula mudzi wonse ankapempha chilolezo m'nyumba yomanga yekha. Anamwalira mvula yotsatira isanagwe, asakudziwa ngakhale dzina lawo.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo nanenso anandipeza ndi kuthamanga kwa magazi. Mapilitsi ndimamwa osaphonya, komabe ndili ndi mantha, sindibisa. Ndikaiwala dzina la mnzanga ngakhale kwa kamphindi, ndimakumbukira agogo. Ana anga ndinawauza kale kuti zikadzandifika adzachite zimene angathe, sindidzawaimba mlandu. Ndinangowapempha chinthu chimodzi, kuti ndikadzagogoda, wina adzandiyankheko ngakhale osatsegula.