Tsiku Limene Ndinalankhula M'khutu mwa Apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Nditamaliza desima, kalasi ya khumi, ku Tsangano ndinakhala nthawi yaitali ndikulima kachewere ndi bambo anga, kenako ndinakwatira Luwiza n'kukakhala chikamwini kwawo, kamudzi kena kufupi ndi Furancungo. Lamulungu masana ndinkasowa chochita, ndiye ndinkapita kubwalo la mpira, kukwera pachulu, n'kumaulutsa masewero ndi chimkuzamawu chobwereka ngati dziko lonse likundimvera. Palibe amene ankandilipira. Anthu ankangoseka, ena n'kumati mkamwini wa ku Tsangano uja anabadwa akulankhula.

Lamulungu lina ndikutsika pachulupo ndinapeza mayi wina akundidikira. Anali a profesora Madalena, mphunzitsi amene ankatsogolera gulu la zisudzo la m'tauni, lomwe Luwiza ankasewera nawo. Anati akukonza sewero la Natale, Khrisimasi, ndipo chaka chimenecho akufuna kuti anthu osaona nawonso abwere, koma asadzangokhala pabenchi kumvera anzawo akuseka. Ankafuna munthu woti aziwauza zimene zikuchitika pa palko, poimapo osewera paja. Ndinavomera asanamalize n'komwe. Zinandidabwitsa kuti pali anthu olipira munthu kuti alankhule, pomwe ine ndinkachita zimenezi ulere mpaka kusasa mawu.

Seweroli linali nthano yopeka okha a gululo. Chimphona cha m'phiri chinaba nyenyezi ya Natale n'kuitsekera mumbiya, mudzi wonse n'kukhala mumdima, ndipo mtsikana wina wogulitsa kachewere ananyamuka kukailanda. Mtsikanayo anali Luwiza. Pachimake pa seweroli panalibe mawu alionse, chifukwa chimphona chinali mtulo ndipo mtsikanayo ankayenera kunyang'ama mpaka kutulutsa mbiyayo m'khwapa mwake. Kwa munthu wosaona, chigawo chimenechi popanda womufotokozera chinali ngati seweroli latha.

Zida zathu zinali zochepa. Tinali ndi maikolofoni, kabokosi kotchedwa transimisori kamene kankaponya mawu anga pa FM, ndi batire ya galimoto yoyendetsera kabokosiko. Omvera ankagwiritsa ntchito mafoni a mabatani aja okhala ndi wayilesi, timawaya tili m'makutu. Ine ndinkakhala kumbuyo kwenikweni pakona, n'kumalankhula motsitsa kuti ndisasokoneze ena. Sewero lisanayambe tinkawatengera osaonawo pa palko kuti aliyende n'kudziwa kukula kwake, amve mawu a wosewera aliyense akutchula dzina lake, komanso agwire zinthu: mutu wa chimphona wopangidwa ndi dengu ndi khonje, mbiya, ndi nyenyezi ya chitini yokhala ndi tochi m'kati.

Pa ensayo yoyamba, tsiku loyeserera, a profesora anaitana osaona angapo kuti adzandiyese. Ine ndinalowa ndi mphamvu za kumpira. Ndinkalankhula osewera akulankhula, ndinkanena zoti zichitike zisanachitike, mpaka ndinakuwa kuti chimphona chaluza. Bambo wina wachikulire, a Simiyoni, amene maso awo anachita khungu ali mnyamata, anazula kawaya m'khutu n'kufunsa mwaulemu ngati anabwera kudzamva sewero kapena kudzamva ine. Holo yonse inafa ndi phwete, ndipo ine ndinachita manyazi kwambiri.

A profesora sanandikalipire. Anangoti, "Nenani zimene mukuona, osati zimene mukuganiza. Ndipo osewera akatsegula pakamwa, inu tsekani panu."

Ndinaphunzira movutikira. Ndinaphunzira kuti sunena kuti mtsikana ali ndi mantha, umanena kuti wabwerera m'mbuyo, wagwira pakamwa, ndipo womvera amadziwira yekha. Ndinaphunzira kulowetsa mawu anga m'timipata ta pakati pa zolankhula za osewera, ndi kutchula kaye munthu ndisanatchule zimene akuchita. Chovuta koposa chinali nthawi: ukafulumira umaulula nthabwala, ukachedwa wosaona amaseka yekha anzake atasiya kale. Kunyumba ndinkayeserera pa chilichonse, mpaka Luwiza anandiletsa kufotokoza mmene akutsukira mbale.

Luwiza anali ndi chifukwa chake cholimbikira seweroli. Mayi ake, apongozi anga, maso awo anazima pang'onopang'ono zaka zingapo m'mbuyomo, iye asanayambe zisudzo. Anthu ankabwera kudzawauza kuti mwana wawo amasewera bwino zedi, iwo n'kungoyankha kuti eti. Luwiza ankafuna kuti kamodzi kokha mayi akewo adziwe okha, asamangomva za m'maluwa. Vuto linali lakuti wofotokozayo ndinali ine. Ine ndi apongozi tinali tisanakhalepo pamphasa imodzi. Ndikamabwera poteropo ndinkatsokomola kuti adziwe n'kutembenuzira nkhope kumbali, ndipo ndikakhala ndi mawu ndinkatuma Luwiza kapena mwana wathu Tereza. Luwiza atawafotokozera za mafoni aja, iwo anaganiza pang'ono n'kunena kuti palibe cholakwika, wayilesi si mkamwini wa munthu.

Tinayamba kukasewera ku Tsangano Natale isanafike. Shapa, minibasi imene tinakwera, inatitimira m'matope kangapo panjira, mutu wa chimphona n'kufika utaphwanyika khutu limodzi, koma seweroli linayenda bwino. Mayi wina wosaona anandifunafuna pamapeto kuti angondigwira dzanja. Ndinabwerako ndikudzimva kuti tsopano ndine katswiri.

Ku Furancungo tinasewera tsiku lotsatira Natale, masana, m'holo ya malata. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa chifukwa cha mphepo, koma sindinade nkhawa poti tinali ndi batire. Osaona anabwera ambiri, ena kuchokera kutali ngati ku Chidzolomondo, atanyamulidwa panjinga zamoto ndi abale awo. Tinawayendetsa pa palko, Luwiza atagwira dzanja la mayi ake n'kumawagwiritsa mbiya ndi nyenyezi. Onse atakhala pansi ndinapita pakona panga, ndinamanga mawaya ku batire, kanyali ka transimisori kanayaka, kanaphethira, basi n'kuzima.

Tinapeza msanga chimene chinachitika. Mnzathu wina wa m'gulu, yemwenso amaimba kwaya, anabwereka batire ija dzulo lake kuti iyendetse piyano yamagetsi pamapemphero a Natale. Anaibweza bwinobwino pamalo pake, ataipukuta n'kuipukuta, koma ilibe moto. Simungamukalipire munthu chifukwa choimbira Mulungu. Tinayesa batire ya njinga yamoto, inangotipatsa phokoso. Holo inali itadzaza, ana akuimba kale m'manja.

"Pronto, basi," anatero a profesora. "Wayilesi yafa, koma pakamwa panu mpamoyo. Kakhaleni pakati pawo."

Tinakokera mabenchi a osaona aja pamodzi mozungulira, ine n'kukhala pakampando pakati, kumbuyo pang'ono kuti mawu anga azigwera m'makutu mwawo. Apongozi atamva kuti wayilesi ija yasanduka munthu, anapempha kuti awasunthire kumapeto kwenikweni kwa benchi. A Simiyoni anadzipereka kukhala pakati pathu. Ine ndinkafotokozera gulu lonse, iwo n'kumapatsira apongozi zimene sanamve, monga timachitira kumudzi. Chigawo choyamba chinayenda choncho, ngakhale kuti a Simiyoni ankathirako mchere wawo. Ndikati chimphona chakhala pansi, iwo ankati chagwa chagada ngati woledzera wa pamsika.

Kenako mvula inafika. Amene anakhalapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mvula ya mwezi wa Disembala ikugwa akudziwa zimene ndikunena. Osewera anayamba kukuwa kuti amveke, ndipo zinathandiza pang'ono. Koma tinali tikuyandikira chigawo chopanda mawu chija. Chimphona chinagona, Luwiza anatulukira kumanzere kwa palko, ndipo mawu okhawo otsala m'seweroli anali anga. Kukuwa sindikanatha, chifukwa ndikanaononga chigawocho kwa holo yonse. Osaona aja anasendeza mitu yawo kufupi ndi ine mpaka zipumi kutsala pang'ono kugundana. A Simiyoni nawonso anaweramira kwa ine kuti amve, ndipo akamatembenuka kuti apatsire, Luwiza anali atachita kale zina.

Ndinayang'ana kumapeto kwa benchi. Apongozi anali atakhala tsonga okhaokha, manja ali pamiyendo, nkhope yaloza ku palko kumene mwana wawo ankasewera, osamva kalikonse koma malata. Chisoni chinandigwira kwambiri. Koma mantha nawonso analipo, sindingabise. Theka la mudzi wathu linali m'holomo, ndipo amalume ake a Luwiza, eni mbumba, anakhala pabenchi yachiwiri kuchokera pa ife. Mkamwini wopita kukanong'oneza apongozi ake m'khutu pagulu, nkhani yake ikanafika ku Tsangano ine ndisanafike. Ndinapitiriza kulankhula, maso ku palko, mtima uli kumapeto kwa benchi.

Ndinamva apongozi akufunsa a Simiyoni kuti Luwiza ali pati tsopano. A Simiyoni anayankha kuti nawonso zawapitirira. Kenako apongozi anamasula kapulana, nsalu imene anafunda m'mapewa, anaikokera kumutu, n'kuphimba nkhope yonse mpaka pachibwano.

"Bambo a Tereza," anatero, ndipo aka kanali koyamba kulankhula nane mwachindunji chikwatirireni mwana wawo. "Ine sindikukuonani, inunso simukundiona. Senderani kuno."

A Simiyoni ananyamuka mwachangu n'kundikankhira pamalo pawo. Ena onse anakhwekhwereza mabenchi kunditsatira. Ndinagwada pansi m'malo mokhala pabenchi, manja ndinawaika kumbuyo, ndipo ndinayandikitsa pakamwa pansaluyo pamene panali khutu. Inkanunkhira utsi ndi sopo. Ntchito inandikumbutsa yokha choti ndinene.

Ndinati Luwiza wavula nsapato, wazisiya pansi. Akuyenda ndi zala za kumapazi. Chimphona chatembenuka, iye waima mwendo umodzi uli m'mwamba. Wautsitsa pang'onopang'ono. Wagwada pambali pa chimphona. Watambasula dzanja lamanja, likunjenjemera, walibweza, walipukuta pachitenje. Walitambasulanso. Wagwira pakamwa pa mbiya. Akukoka.

Pansi pa nsalu paja ndinamva apongozi akuti, "Pang'onopang'ono, mwanawe."

Dzanja lawo linali litagwira m'mphepete mwa benchi mwamphamvu. Ndinati mbiya yatuluka, waikumbatira pachifuwa, akubwerera chafutambuyo. Ndinadikira kuti dzanja la Luwiza lifike pachivundikiro, ndipo nthawi yomweyo imene anachichotsa ndinati nyenyezi yatuluka, yawala, waikweza pamwamba pa mutu wake. Holo yonse inaphulika, ndipo nthungululu ya apongozi inatuluka pansi pa kapulana limodzi ndi za amayi ena onse. Misozi inalengeza m'maso mwanga, moti chigawo chotsatira ndinachifotokoza ndikuona mwachimbuuzi.

Mvula itachepa ndinabwerera pakampando kanga, apongozi anatsitsa nsalu yawo, ndipo a Simiyoni anayambiranso ntchito yawo yothira mchere. Potuluka ndinakumana ndi amalume aja pakhomo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine thukuta kamukamu, kenako anangofunsa ngati mawondo sakundipweteka.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo tsopano ndimaphunzitsako ena m'maboma onse awiri, ku Tsangano ndi ku Furancungo. Batire ndimaitchaja ndekha, ndipo a kwaya akabwera kudzabwereka ndimawauza kuti yadwala. Koma chimene ndimayamba kuwauza ophunzira anga si za mawaya. Ndimawauza kuti asanakhazike anthu pansi azifunsa kaye kuti uyu ndi ndani wa uyu, angakhale pafupi ndi yani, akufuna kumva bwanji. Ife tinakonzekera za makutu okha, kuiwala kuti munthu amabwera kusewero ndi ulemu wake wonse. Ndipo zikavuta, mwiniwakeyo nthawi zambiri amadziwa njira kuposa iwe, bola umupatse mpata.

M'mawa mwake mwa tsiku la sewero la ku Furancungo lija ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikunola khasu, ndipo ndinamva apongozi pakhonde pawo akucheza ndi mayi wina woyandikana nafe, amene analiponso kuseweroko. Ankamusimbira mmene Luwiza anavulira nsapato, mmene dzanja linkanjenjemerera mpaka kulipukuta pachitenje asanagwire mbiya. Mayiyo anati iye zopukuta dzanjazo sanazione.

"Aa, inu," anatero apongozi. "Ndiye munkayang'ana kuti?"