Kabango ka Mankhwala a Magazi

Ndikaona bango louma, m'kamwa mwanga mumamveka dzimbiri. Inali nyengo ya mango, mvula itangoyamba kumene, pamene malungo anandisiya woyezuka ngati chinangwa chovuula. Kwathu ku Ngala atsikana anzanga ankaphunzira chioda chokavina pa ukwati wa azakhali anga, koma ine ndikangoti ndidumphe, chizungulire chinkandikhazika pansi. Amayi anatembenuza chikope changa, napeza chili mbuu, n'kulamula kuti chikapanda kufiira, m'bwalo sindipondamo. Ndinalira zenizeni.

Kuchipatala anandipatsa timapiritsi towonjezera magazi. Koma abale, timapiritsi timeneto! Nseru tsiku lonse, moti ngakhale fungo la usipa wa pathandala linkanditembenuza m'mimba. Amayi sanachite za m'mutu mwawo. Anandibereka, msinkhu wonsewo, kubwerera kwa adokotala, amene anatisinthira mankhwala amadzi a m'botolo. Mapiritsi otsala anatilanda pomwepo, kuopa kuti ana angawayese maswiti, n'kutiuzanso kuti ndisamamwere tiyi koma ndizitsatiza mango. Azakhali, ukwati ukuwayabwa, ankadandaula kuti tikanaphatikiza zonse ziwiri magazi akanabwera msanga. Amayi anangoti, "Alamu, kuthamanga sikufika. Mukufuna wovina kapena maliro?"

Mankhwala amadziwo, omveka dzimbiri m'kamwa, anandiyanja m'mimba, koma anandidetsa mano, anzanga n'kunditcha Namakala. Wovina chioda wotseka pakamwa munamuona kuti? Amayi anatsikira kunyanja, nadula kabango, nakabowola bwinobwino kuti ndiziyamwira mankhwalawo osakhudza mano, ndikatha n'kutsuka ndi mswachi. Onyoza aja nsanje inawapweteka. Aliyense anakadula kabango kake, n'kumayamwira madzi a m'mtsuko uku akubuula ngati odwala, ine n'kumawagawira ngati dokotala, tonse kufa nako kuseka. Masabata ankapita. M'mawa uliwonse tikatha kusinja kondowole ndinkapereka diso kwa amayi, iwo n'kumangoti tidikire.

Tsiku la ukwati amayi anayang'ana chikopecho nthawi yaitali, mtima wanga uli phaphapha. Kenaka anangomasula nsalu yawo yatsopano n'kundimanga m'chiuno. Ndinavina mpaka fumbi kulowa m'mano oyerawo, azakhali kululuta kuiwala kuti mkwatibwi amachita manyazi.

Nyengo ija inandiphunzitsa kuti mankhwala akakukana sutaya, suphatikiza, umabwerera kukafunsa. Amayi anatisiya kalekale, koma ndikaona mwana woyezuka, chala changa chimapita chokha pachikope chake.