Mlendo Amene Kwawo Anamulira Kale

Ine vuto langa ndi limodzi: sinditha kuona munthu akudya yekha. Khalidwe limeneli ndi lomwe linandipalamulitsa ku Nairobi, zaka zija nkhondo ya ku Syria ili pachimake.

Ndinkagwira ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina lothandiza anthu, ndipo ndinkakhala ku Syokimau, m'nyumba zosanjikizana kufupi ndi siteshoni ya sitima. Khomo loyang'anana ndi langa linali la banja lina la ku Syria, bambo ndi mayi, opanda mwana. Bambowo ankaphika buledi mu lesitilanti ina m'tauni. Mayiwo sankatulukatuluka. Nditadwala malungo sabata yathunthu, ndi iwo amene ankandibweretsera msuzi wa mphodza n'kukhala pambali panga mpaka nditamaliza. Tinkalankhulana Chingerezi chothyokathyoka, pena n'kumalizitsa ndi manja. Mayina awo onse ndi tauni ya kwawo ndinazidziwa chifukwa ndinawathandizapo kulemba mafomu a ku ofesi ya othawa kwawo.

Ndiye phwando lathu la pachaka la Amalawi litayandikira, ndinati awa sindiwasiya. Anakana kawiri konse, ine kakaka. "Inu, mukangodya n'kubwerako, palibe akakulumeni." Anavomera chifukwa cha ulemu chabe. Zimenezo ndikuziona lero.

Phwandolo linali Loweruka ku Spring Valley, kunyumba kwa apampando a gulu lathu, bambo oseka mokweza kwabasi. Kwa ife mlendo samangodya ayi. Amaimirira kaye n'kutchula dzina, mudzi, mfumu ndi boma, anthu n'kumuombera m'manja. Timati n'kulemekeza kumeneko. Itafika nthawi yawo, bambo aja, aneba anga, anaimirira, natchula dzina limodzi lokha, n'kumafuna kukhala pansi.

"Iyayi bambo, simunamalize!" anatero apampando. "Kwanu n'kuti? Kapena munachita kugwa kuchokera kumwamba?"

Anthu anafa nacho chiseko. Iwo anangomwetulira akuyang'ana akazi awo. Ine wapakamwa ine, ndinati ndi manyazi amenewa, ndiwathandize. Ndinaimirira n'kutchula zonse: dzina lawo, la bambo awo, la mtundu wawo, mpaka tauni yomwe. Kenako tinajambulitsa chithunzi cha gulu. Anayesa kuzembera kumbuyo, koma tinawakokera kutsogolo, poti malo a alendo ndi amenewo. Posakhalitsa anatsanzika, akuti mutu ukuwapweteka.

Mlembi wa gulu ndinali ine. Pobwerera, ndili mu minibasi momwemo, zija kumeneko amati matatu, ndinaika chithunzicho pa tsamba lathu la pa intaneti, lomwe aliyense padziko pano angalitsegule. Pansi pake ndinalemba mayina onse mosamala, kuopa kulakwitsa chilembo.

Lolemba pochokera kuntchito ndinakumana ndi mayi aja pamasitepe, ndipo ndinawaonetsa foni monyadira. "Taonani mmene mwaonekera!" Nkhope yawo inasintha pomwepo. Anandigwira mkono n'kundikokera m'nyumba mwawo, natseka chitseko ndi mazenera omwe. Amuna awo atachiona chithunzicho, anakhala pansi pasimenti, mpando uli pomwepo.

"Mlongo wanga, chakhalapo kuyambira liti?" anandifunsa motsitsa mawu.

"Loweruka."

"Angachione ndani?"

"Aliyense," ndinayankha.

Ndipamene mayiwo anandiuza. Amuna awo anali msilikali wochita kulembedwa mokakamiza. Atalamulidwa kuombera anthu a dziko lawo lomwe, anathawa. Kumeneko wothawa usilikali akapanda kupezeka, achitetezo a boma amatenga abale ake, ndipo ambiri otengedwawo saonekanso. Choncho amayi awo owabereka, amene anatsala ndi mwana wamkazi mmodzi, analengeza kuti mwana wawo wafa ndi bomba. Anthu anabwera kudzapepesa, maliro analiridwa, manda analipo. Lachisanu lililonse masana amayiwo ankabwereka foni n'kuimbira mpongozi wawo ngati akucheza ndi wamasiye. Mwana wawo ankakhala pambali n'kumangomvetsera, osatsokomola n'komwe, poti kumeneko mafoni amamveredwa. Zaka zinayi akumva mawu a amayi awo, osayankhapo ngakhale moni.

Mayo ine! Munthu amene amayi ake anamuika m'manda kuti apulumuke, ine ndinamuimika kutsogolo, atavala malaya oyera, dzina ndi tauni zili pansi pake.

Ndinatenga foni n'kuchifufuta chithunzicho. Koma ndisanatero ndinaona kuti anthu angapo anali atachitumiza kale kumasamba awo. Pakati pa amene anasonyeza kuchikonda panalinso dzina lina lolembedwa m'zilembo za Chiluya, chinenero cha kwawoko. Ndinawaonetsa. Anapukusa mitu: sankamudziwa.

Ndinayamba kuimbira anthu mmodzimmodzi kuti achichotse. Apampando anandiseka. "Aaa mayi, inunso! A ku Syria angamataye nthawi ndi tsamba la Amalawi?" Ndinawazazira, munthu wamkulu ngati uja, mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Koma amene ndinali kumukalipira kwenikweni ndinali ine ndemwe. Ndinakula nthawi ya chipani chimodzi ine. Ndinawaonapo amayi anga akutentha makalata a amalume amene anathawira ku Zambia, phulusa n'kukalithira m'chimbudzi. Ankatiuza kuti wina akafunsa kusukulu tiziti amalume tilibe. Zonsezo ndinkazidziwa, koma ndinaziiwala chifukwa chofuna kuoneka wolandira alendo bwino.

Sabata imeneyo ndinali ndi mantha amene sindinakhalepo nawo chikulire. Galimoto ikaima pageti nthawi yaitali, ndinkasuzumira pakatani. Nambala yachilendo ikaimba, ndinkangoiyang'ana mpaka isiye. Kuntchito ndinkalemba kalata imodzi katatu. Ndikatseka maso ndinkaona mayi wokalamba amene sindinamuonepo akukwezedwa m'galimoto, ndipo wotsegula chitseko cha galimotoyo ndinali ine.

Lachisanu foni sinalire. Lachisanu lotsatira, zii. Bambo aja anasiya kupita kuntchito. Tikakumana pamasitepe ankandipatsa moni monga kale, ndipo zimenezo zinkandipweteka koposa. Bola akanandichita chipongwe, kaya kunditukwana.

Lachisanu lachitatu ndinanamizira kudwala, sindinapite kuntchito. Ndinagogoda n'kupempha kuti ndidikire nawo. Sanandikanize. Tinakhala atatu, foni ili patebulo, tiyi akuzizira m'makapu. Ndege zinkadutsa pamwamba monga mwa masiku onse ku Syokimau, ndipo iliyonse ikadutsa bambowo ankawerama pang'ono.

Cha m'ma thuu koloko foni inalira. Mayi aja anaikweza mawu kuti tonse timve. Anali mawu a munthu wokalamba, osasa, olankhula pang'onopang'ono. Sindinamvepo kanthu poti chinali chinenero chawo, koma ndinati m'mtima, Ambuye zikomo, ali moyo. Kenako ndinaona bambowo atenga kansalu kopukutira mbale n'kukaluma ndi mano, mapewa akugwedezeka, misozi ili chuchuchu, osatulutsa mawu ngakhale amodzi. Foni itaduka anakalowa kuchipinda.

Akazi awo anandimasulira akuyang'ana patebulo. Achitetezo anabwera kawiri. Anawatenga amayiwo n'kukawasunga masiku atatu, akuwafunsa kuti mwana wawo ali kuti. Iwo anawatengera kumanda kuja n'kulira pamaso pawo. Anawamasula, koma mwini foni anaopsezedwa, ndipo kuimba kumeneku kunali komaliza. Amayiwo anauza mpongozi wawo kuti akwatiwenso, aiwale nyumba imeneyo. Pomaliza anati, "Mwana wanga akanakhala moyo, ndikanamuuza kuti azidya mokwanira, ndipo asandidere nkhawa. Ndinamulera bwino, sindikudandaula."

"Kodi ndi chithunzi changa chija?" ndinafunsa.

"Sitikudziwa," anatero. "Mwina ndi chimenecho, mwina wina anangowanenera. Kulibe amene tingamufunse."

Ndinagwada pamaso pawo monga timachitira kwathu, ndikulira ngati mwana. Anandidzutsa n'kundipukuta kumaso ndi mpango wawo, koma sananene kuti palibe kanthu, ndipo ine sindinayembekeze kuti atero.

Tinakhalabe moyang'anana makomo kwa miyezi isanu ndi itatu, kufikira pamene anawapezera dziko lina. Pa miyezi yonseyo bambowo sankagwira ntchito Lachisanu masana. Ankakhala patebulo paja, foni ili patsogolo pawo, mpaka dzuwa kupendeka. Sinalirenso.