Achimwene Amene Ndinawamana Mgonero

Ine ndine munthu wa mtima wapachala, ndipo aliyense wa ku Nangongwe amene anabwerapo pa shedi panga kudzawotcheretsa geti angakuuzeni zomwezo. Sindikudzitama nazo. Ndayamba nazo chifukwa popanda zimenezi simungamvetse mmene munthu wopita kutchalitchi Sabata ndi Sabata angachitire zomwe ndinachita ine.

Panali munthu mmodzi amene ankatha kundiziziritsa. Tinkagwira limodzi ku fakitale ya nsalu isanatsekedwe, makolo athu tonse anachokera ku Malawi, ndipo tinakulira mumpingo umodzi. Sitinali pachibale, koma ndinkawatcha achimwene, iwo n'kumanditcha mphwanga. Fakitale itagwa ine ndinagula makina owotcherera zitsulo, iwo anapeza kadimba ku Shimabala, kenaka mpingo unawasankha kukhala mkulu. Lachitatu lililonse masana, akasiya repu kumsika, ankayedzeka njinga pa shedi panga. Ndinkazimitsa makina, n'kukhala tonse pa mafelemu a mawindo kupemphera.

Mapemphero awo anali aatali. Ankamufotokozera Mulungu chilichonse, mayina a anthu, msewu umene akukhala, tsiku limene zinachitika, ngati Mulunguyo ndi mlendo wongotsika kumene minibasi m'tauni yathu ya Kafue. Ndinkawaseka.

"Achimwene, Mulungu amadziwa kale zimenezo. Fupikitsani, makasitomala akudikira."

"Amadziwa, koma amakonda kumva," ankayankha choncho, n'kupitiriza.

Chaka china ndinakangana ndi mkazi wanga pa nkhani yopanda mutu, ya chingwe cha magetsi chimene anabwereka aneba osandiuza. Ndinaponya mbale. Sindinamumenye, koma mbaleyo inadutsa pafupi ndi khutu lake n'kukasweka pakhoma. M'mawa mwake anakwera basi kupita kwa mchemwali wake ku Lusaka. Anthu ndinawauza kuti wapita kukadwazika matenda. Zoona zake ndinauza munthu mmodzi yekha, Lachitatu, titakhala pa mafelemu aja.

Lachisanu madzulo kunali mapemphero a chigawo chathu cha mpingo, m'nyumba ya amayi ena a chigwirizano. Tinadzaza pabalaza, ena kukhala pansi. Anapempha achimwene kuti atseke ndi pemphero. Anayamba ndi odwala, n'kubwera ku mvula, kenaka ndinamva akuti:

"Atate, mukudziwa Inu kuti mlamu wanga sanapite kukadwazika matenda. Mukudziwa za mbale ija inasweka pakhoma. Gwirani dzanja la mphwanga, Atate, lisanaphe munthu."

Ndinatsegula maso. Azimayi atatu anali atatsegula kale awo, akundiyang'ana. Ndinaimirira pemphero lili mkati.

"Mukuuza Mulungu kapena mukuuza azimayi awa?" ndinakuwa. "Kazitape wovala jekete la ukulu! Wailesi ya pa Nangongwe!"

Ndinatuluka asananene ameni, n'kumenyetsa chitseko.

Mkazi wanga anabwerera patapita masabata atatu, chifukwa azimayi omwewo amene anatsegula maso aja anamulondola ku Lusaka, kenaka anabwera kudzandikalipira ine mpaka ndinagwada. Kuti banja langa linapulumuka chifukwa cha pemphero lija, nthawi imeneyo sindinafune kumva. Ndinkangoona manyazi anga.

Mumpingo mwathu Mgonero wa Ambuye umachitika pakatha miyezi itatu iliyonse. Sabata yotsogola akulu ampingo amayenda awiriawiri khomo ndi khomo, ndipo funso lawo lalikulu ndi limodzi: kodi pali munthu amene muli naye chifukwa, kapena amene ali nanu chifukwa? Ukati palibe, amakupatsa khadi. Ukati alipo, amakuuza kuti uyambe wakakonza. Palibe amene amakusegula pamtima kuti aone. Amakhulupirira pakamwa pako.

Atafika kwanga ndinati palibe. Ndinalandira khadi langa n'kuliika mu Baibulo.

Lachitatu la sabata yomweyo ndinamva belu la njinga.

"Odi, mphwanga."

Sindinazimitse galayinda yodulira zitsulo. Anaima pomwepo, tizimoto tikuwathethekera pa buluku, mpaka ndinatopa ndine.

"Ndinalakwa," anatero. "Unandiuza ine, sunauze chigawo. Ndikatseka maso ndimaiwala kuti pali anthu. Undikhululukire."

"Kapempherereni zimenezo ku chigawo. Kumeneko ndiye kuli makutu ambiri."

Anasiya mtolo wa repu pa tebulo langa n'kukankha njinga. Repuyo ndinaponyera nkhuku za aneba.

Pa tsiku la Mgonero, amene ali ndi makadi amakhala kutsogolo. Benchi la kumbuyo kwenikweni ndi la amene ali pa chilango. Tsiku limenelo panali mtsikana amene anatenga pathupi asanakwatiwe, ndi bambo wina amene mowa unamugonjetsa. Pakati pa awiriwo panakhala achimwene, atavala jekete lawo loyera bwino, manja ali pamaondo. Munthu amene kwa zaka zambiri ndiye ankanyamula mbale ya mkate. Palibe amene anawaika pa chilango. Anangowayankha zoona akulu anzawo aja, kuti alipo munthu amene ali nawo chifukwa.

Ine ndinadya mkate, ndinamwa chikho, ndinaimba nawo nyimbo.

Mkulu wa mpingo akakhala benchi la kumbuyo, anthu sangokhala chete. Achimwene sanauze aliyense chifukwa chake. Ndikuganiza kuti ankaopa kundiulula kachiwiri. Ndiye anthu anadzipezera okha chifukwa. Tsiku lina mu minibasi yopita ku Lusaka ndinamva amayi awiri a mumpingo mwathu akunong'onezana pampando wa kumbuyo kwanga.

"Akuti kudimba kuja ku Shimabala kuli kamkazi."

"Ndimadabwa ine, repu wanji wothirira mpaka mdima?"

Anaseka. Ine ndinayang'ana pawindo. Ine amene ndimatha kutukwana kondakitala chifukwa chondiponda phazi, tsiku limenelo pakamwa panga panali potseka. Mwa zonse, ichi ndicho chimandiwotcha kwambiri.

Mgonero wachiwiri unafika, anabweranso pa shedi, ndinawabwezanso. Wachitatu usanafike abusa anandiitana ku ofesi, chifukwa anali atayamba kulumikiza zinthu.

"Ine ndinakhululuka kale, abusa," ndinatero.

"Ndiye kawauzeni."

"Akudziwa."

"Akanadziwa sakanakhala kumbuyo kuja, bambo."

Ndinawauza kuti ndamva, n'kutuluka. Mkazi wanga nayenso anayesa. "Amene anaswa mbale ndinu, amene akukhala pa chilango ndi iwo. Zikukomerani?" Ndinamuuza kuti asalowerere nkhani za amuna.

Ulendo wachinayi anabwera wapansi, akukankha njinga osaikwera. Anali ataonda. Anakhala pa felemu popanda kuwauza kuti akhale.

"Mphwanga, bipi ikundivuta masiku ano. Sindikupempha kuti tibwerere ku mapemphero athu a Lachitatu. Ungonena ndi pakamwa pako kuti zatha. Chaka chikukwana ndisanalandire. Ndili ndi njala ine."

"Wakuletsani ndani? Abusa akuletsani? Pitani mukadye."

"Ndingadye bwanji mkate umodzi ndi iwe, uku ukulephera ngakhale kundiyang'ana?"

"Ndiye khalani nayo njala yanuyo."

Mawu amenewo ndinanena ndine, ndi pakamwa pano. Ndawalemba mmene ndinawanenera. Anagwedeza mutu, anasiya repu monga mwa masiku onse, n'kumapita.

Patatha milungu isanu anagwa kudimba akuthirira. Sitiroko. Anagona kuchipatala masiku angapo, n'kuwatulutsa mbali ya kumanja itafa, lilime likulemera. Ndinamva, koma sindinapite. Ndinkadziuza kuti ndipita akayamba kupeza bwino.

Lolemba lina m'mawa akazi awo anafika pa shedi. Ndi mayi wofatsa, sindinawamvepo akukweza mawu.

"Alamu, dzulo abusa anabwera ndi Mgonero kunyumba. Achimwene anu akana. Akungopukusa mutu, akuloza kumsewu. Ine ndikudziwa amene akumuloza. Abusa ati abweranso Lachitatu. Tiyeni lero lomwe, ndikupemphani."

Ndinali ndi geti la munthu pa tebulo, la zitseko ziwiri. Ndinawauza kuti ndimalize kaye limeneli, ndifika Lachitatu pamodzi ndi abusa. Getilo likanatha kudikira. Zoona zake n'zakuti ndinali ndisanapeze mawu oti ndikanene popanda kuoneka wogonja. Ndinkafuna masiku awiri okonzera nkhope yanga.

Lachiwiri sitiroko inabweranso, yachiwiri, n'kuwagwira kukhosi. Anawathamangitsiranso kuchipatala.

Ndinafika Lachitatu nthawi yoona odwala ya masana. Mu wodi munali modzaza, anthu ndi mabasiketi awo a chakudya pa bedi lililonse. Achimwene anali pafupi ndi windo, kapaipi kali m'mphuno. Akazi awo anali kumutu, abusa kumiyendo ndi kachikwama kawo kakuda konyamulira mkate ndi chikho. Mawu onse amene ndinakonza m'masiku awiri aja anathawa. Ndinagwada pa simenti.

"Achimwene, zatha. Zinayenera kutha kalekale. Wolakwa ndine."

Dzanja lawo lamanzere linafufuza pa bulangete mpaka linapeza langa. Anandigwira chala chachikulu, chimene chili ndi chipsera cha moto, n'kuchifinya. Mbali imodzi ya pakamwa pawo inayesa kumwetulira. Kenaka anatembenuzira maso kwa abusa, pa kachikwama kaja.

Abusa anatsegula zipi. Nesi amene ankadutsa anaona, nabwera mwaulemu.

"Pepani abusa, awa sangameze. Ngakhale dontho, lingawatsamwe. Chonde."

Abusa anafunsa ngati n'kotheka kungonyowetsa milomo. Nesi anati ayi, dokotala waletsa chilichonse cha pakamwa. Sanalakwe, ankagwira ntchito yake. Abusa anawerama n'kuwauza achimwene kuti chisomo cha Mulungu sichinatsekeredwe mu mkate, kuti Ambuye anaona njala yawo ndipo aiwerengera. N'zoona zimenezo, ndimazikhulupirira. Koma ine ndinali pafupi, ndinaona maso awo akutsatira kachikwamako pamene zipi inkatsekedwa. Lamulungu akanatha kumeza, Lolembanso akanatha.

"Tipempherereni, bambo," abusa anandiuza ine.

Mapemphero anga nthawi zonse ndi a mizere itatu. Tsiku limenelo ndinatseka maso n'kuiwala kuti pali anthu. Ndinamuuza Mulungu za mbale, za chitseko chimene ndinamenyetsa, za makadi anayi amene ndinalandira ndi bodza, za amayi a mu minibasi ndi kukhala chete kwanga, za repu wa nkhuku, za geti. Nditati ameni, wodi yonse inali zii, anthu atagwira masipuni m'manja. Achimwene anali asanasiye chala changa.

Anamwalira Lachisanu m'mawa.

Kumanda ndinapempha mpata, ngakhale sindinali pa ndondomeko ya olankhula. Ndinauza anthu kuti ku Shimabala kunalibe mkazi wina aliyense, kuti amene anawakhazika bambowa pa benchi la kumbuyo chaka chathunthu ndine. Ena anawerama. Zinathandiza akazi awo ndi ana, koma mwini wake sanamve.

Mgonero wotsatira akulu atabwera kunyumba, ndinakana khadi. Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi n'kukakhala pa benchi lomwelo, pamalo pomwe ankakhala iwo. Ndinkaganiza zokhala pamenepo chaka, kapena moyo wonse. Nyimbo yokonzekera itayamba, ndinaona amayi amasiye aja, atavala zakuda, akunyamuka kutsogolo n'kuyenda pakati pa mabenchi anthu onse akuona. Anaima patsogolo panga.

"Nyamukani, alamu."

"Sindiyenera, mlamu."

"Amuna anga anakhala pano chaka kudikira inu kuti mudyere limodzi. Mukapanda kunyamuka ndikhala pano inenso. Mukufuna mundimane ine tsopano?"

Ndinanyamuka. Mkulu wina anatulutsa khadi m'thumba la jekete n'kundipatsa. Ndinakhala pambali pa mlamu wanga. Mkate wa Mgonero ndi kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo, koma unandikanirira pakhosi, mpaka mkazi wanga anandisisita pamsana ngati mwana.

Mtima wapachala uja sunathe. Sabata yatha yomweyi ndinakalipira munthu wogulitsa utoto mpaka anthu anasonkhana. Kusiyana kwake n'kwakuti ndinabwerera tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe kukamupepesa, iye n'kumadabwa kuti mdalayu watani. Sindidikiranso Lachitatu.

Njinga ija mlamu anandipatsa, ili pa shedi, yoyedzeka pamalo pake. Lachitatu masana ndimazimitsa makina n'kukhala pa felemu. Makasitomala anazolowera, amadikira panja. Ndimayamba ndi odwala, n'kutchula mayina awo ndi misewu imene akukhala, ndipo ndimachedwa.